Mapu alipo, pulogalamu ilipo, nanga wolemba malangizo ali kuti?

Mvula ya namondwe wa Freddy itakhuthuka usana ndi usiku pakati pa mwezi wa Malichi 2023, phiri la Mulanje linalavula madzi, matope ndi miyala ikuluikulu pamidzi ya m'tsinde mwake. Anali napolo wokumbutsa uja anasesa Phalombe mu 1991. Milatho inapita, misewu inaduka, ndipo midzi ina ya ku Mulanje ndi ku Phalombe inakhala masiku angapo osafikika pagalimoto. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, inawerengera kuti m'chigawo cha kummwera anthu oposa 600 anamwalira, oposa 500 anasowa, ndipo oposa 650,000 anathawa m'nyumba zawo.

Opereka thandizo anali ndi mafunso ooneka ngati aang'ono. Mudzi wakutiwakuti uli tsidya liti la mtsinje? Munali nyumba zingati madzi asanabwere? Mlatho uwu wapita, njira ina yodzera ili kuti? Sukulu yapafupi yoti anthu agonemo ndi iti? Mayankho a mafunso otere amakhala pa mapu, ngati mapuwo alipo ndipo si akalekale.

Masiku omwewo, anthu ambiri amene sanapondepo dziko la Malawi anakhala pamakompyuta awo m'maiko akutali, pamodzi ndi achinyamata athu ena a m'masukulu a ukachenjede, akuyang'ana zithunzi zojambulidwa ndi setilaiti n'kumalemba denga lililonse ndi kanjira kalikonse pa mapu a OpenStreetMap. Mapu amenewa anawayambitsa Steve Coast ku Britain mu 2004. Aliyense akhoza kuwonjezerapo zimene akudziwa, aliyensenso akhoza kuwagwiritsa ntchito osalipira tambala. Chizolowezi chosonkhanitsa anthu odzipereka kuti ajambule mapu a dera limene lagweredwa ngozi chinakhazikika chivomezi chitagwedeza dziko la Haiti mu Januwale 2010, ndipo gulu la Humanitarian OpenStreetMap Team, mwachidule HOT, linabadwira pomwepo.

Ntchito imeneyi ndi yotamandika, ndipo sindikufuna kuichepsa ngakhale pang'ono. Koma ili ndi malire ake. Ukaliyang'ana kuchokera kumwamba, denga ndi denga basi. Sungadziwe kuti ili ndi tchalitchi, ilo ndi chigayo, linalo ndi sukulu ya mkombaphala. Mjigo umene uli pansi pa mtengo wa mango suoneka. Kanjira kodutsa m'nthochi sikaoneka. Chithunzi sichinena kuti mlatho uwu ndi wa matabwa wongodutsa njinga, kapena kuti kakhwawa kouma mu Okutobala kamasanduka mtsinje wokokolola munthu mu Febuluwale. Amadziwa zimenezi ndi wakabaza wa pa Chitakale, mayi wothyola tiyi ku Lujeri, mnyamata wonyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula, mlangizi wa zaumoyo wa ku Muloza. Ena mwa iwo ali ndi foni zamakono zoti zikhoza kulemba zonsezi pa mapu. Chowatsekereza ndi chimodzi: akatsegula pulogalamuyo, palibe chowauza m'chinenero chawo kuti ayambire pati.

Pakati pa munthu wodziwa kompyuta amene sadziwa mudzi ndi munthu wodziwa mudzi amene sadziwa podina, payenera kukhala tsamba la malangizo. Tsamba limeneli silidzilemba lokha, ndipo anthu olilemba ndi amene akusowa kwambiri.

Mapulogalamu a tonse ali kale pakati pathu

Wina anganene kuti izi ndi nkhani za ku Lilongwe ndi ku Blantyre, za anyamata a malaputopu. Ayi ndithu. Boma la Mulanje, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 680,000, likuyenda kale pa mapulogalamu a mtundu umenewu, kungoti eni ake ambiri sadziwa dzina lake.

Pa Chingerezi amawatcha open source. Tanthauzo lake ndi loti mawu a chikompyuta amene amapanga pulogalamuyo, khodi yake, sabisidwa. Aliyense wodziwa akhoza kuiwerenga, kuikonza, kuisintha kuti igwirizane ndi dziko lake, n'kugawira ena. Ganizoli analilimbikitsa Richard Stallman kuyambira mu 1983, ndipo linafalikira kwambiri Linus Torvalds atatulutsa Linux mu 1991. Foni iliyonse ya Android imene ikugulitsidwa pamsika wa Limbuli ili ndi Linux m'kati mwake.

Malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera m'zipatala, onena kuti odwala malungo anali angati, amayi obereka angati, ana obayidwa katemera angati, amalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu imene imayang'aniridwa ndi sukulu ya ukachenjede ya Oslo ku Norway. Mizu yake ili ku South Africa m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero maunduna a zaumoyo a maiko oposa 70 amaigwiritsa ntchito, kuphatikizapo wathu. Makina ongodina pasikirini amene amasunga mbiri ya olandira ma ARV m'zipatala zambiri anayamba ndi ntchito ya Gerry Douglas pachipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe mu 2001, kenako bungwe la Baobab Health Trust linawakulitsa potsamira OpenMRS, pulogalamu ina yotseguka imene inayambira ku Eldoret m'dziko la Kenya mu 2004. Kuitanitsa ndi kuwerengera mankhwala kunasamukira pa OpenLMIS mu 2017. Achinyamata amene amayenda khomo ndi khomo ndi tabuleti kufunsa mafunso a kafukufuku wa mabungwe, kawirikawiri amakhala akudina ODK kapena KoboToolbox. Onsewa ndi a gulu lomwelo.

Chilungamo chake n'chakuti mapulogalamuwa ali nawo malangizo. A DHIS2 ndi ochuluka zedi, masamba mazanamazana, ndipo amakonzedwa mosamala. Koma amalembedwera ndani? Ambiri amalankhula ndi katswiri wa ku likulu amene akukhazikitsa makinawo. Salankhula ndi kalaliki wa pachipatala chaching'ono amene ali ndi mzere wa anthu pakhomo, netiweki yathawa, ndipo pasikirini patuluka uthenga wofiira umene sanauonepo.

Nzeru za kagwiritsidwe ntchito zimafika kwa munthu wotere kudzera pamaphunziro a masiku ochepa ku loji ina. Amapita mmodzi kapena awiri. Chaka chisanathe, wophunzitsidwayo wasamutsidwa kapena wapita kusukulu. Wolowa m'malo amaphunzira kwa mnzake ataima kumbuyo kwake: dinani apa, kenako apa, ichi chisiyeni sindidziwa kuti chimatani. Ngati woyambayo anamva molakwika, cholakwikacho chimasanduka mwambo wa pamalopo, ndipo chimakwera mpaka m'ziwerengero zimene unduna umagwiritsa ntchito pogawa mankhwala. Buku la maphunziro aja limakhala lili m'laputopu ya mkulu wina, m'Chingerezi, ndipo zithunzi zake ndi za pulogalamu yakale imene inasinthidwa kale maonekedwe.

Vuto la dziko lonse

Si Amalawi okha amene amalephera kupeza olemba malangizo. Mu 2017 kampani ya GitHub, kumene mapulogalamu otseguka ambiri amasungidwa, inafunsa anthu zikwi zingapo ogwira ntchito zotere. Anthu 93 pa 100 aliwonse anati amakumana ndi malangizo osakwanira kapena otha ntchito. Koma anthu 60 pa 100 aliwonse mwa amene amathandiza kupanga mapulogalamuwo anavomera kuti salembako malangizo, kapena amalemba mwa apo ndi apo. Aliyense akudandaula, wolemba palibe. Stallman yemwe analembapo kuti chimene mapulogalamu aufulu amasowa kwambiri ndi mabuku abwino aufulu owafotokoza. Anthu a Linux anazindikira msanga, n'kuyambitsa gulu lapadera lolemba malangizo, Linux Documentation Project, mu 1992, pulogalamuyo isanakwanitse ndi zaka ziwiri zomwe.

Zifukwa zake si zobisika. Wolemba khodi amatchuka, amapeza ntchito ya malipiro. Wolemba malangizo sakumbukiridwa pokhapokha akalakwitsa. Komanso munthu amene anapanga chinthu ndi amene amavutika kwambiri kuchifotokoza, chifukwa anaiwala kalekale mmene kusadziwa kumamvekera. Amadumpha masitepe atatu poganiza kuti aliyense akuwadziwa. Chachitatu, malangizo amavunda. Pulogalamu ikasintha batani limodzi, tsamba lonse layamba kunama.

Maiko olemera atayesa kupempha ndi kunyengerera kwa zaka zambiri, ena anafika povomereza kuti pafunika ndalama. Mu 2019 Google inayambitsa ndondomeko ya Season of Docs yolumikiza olemba aluso ndi mapulogalamu otseguka, ndipo olembawo ankalipidwa. Palinso gulu la Write the Docs, limene linayamba kusonkhana ku Portland m'dziko la America mu 2013, la anthu amene amaona kulemba malangizo ngati luso loima palokha. Ngati ku America, kumene wodzipereka ali ndi magetsi osazima ndi intaneti ya m'nyumba, anaona kuti mtima wabwino wokha sukwanira, ife tiziganiza bwino tisanapite ku Mulanje kukaitana anthu kuti adzagwire ntchito yaulere.

Dera limene ntchito yaulere ili ndi mbiri yowawa

Pano ndi pofunika kuponda mosamala. Tiyi anayamba kudzalidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, pa malo aakulu amene azungu anatenga. Mabanja ambiri okhala pamalowo, makamaka Alomwe amene anaoloka kuchokera ku Mozambique, ankakakamizidwa kugwira ntchito pa esiteti ngati malipiro a malo okhala. Imeneyo ndiyo thangata, imodzi mwa nkhanza zimene zinautsa John Chilembwe mu Januwale 1915, ndipo inatha mwalamulo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Agogo a anthu amene tikufuna kuwaitanawa anaidziwa ndi misana yawo.

Masiku ano palibe amakakamizidwa, koma tayang'anani kuchuluka kwa ntchito zimene zaima pa anthu osalipidwa. Alezi a m'sukulu za mkombaphala, a komiti ya mjigo, a komiti ya zaumoyo m'mudzi, a komiti yoteteza anthu ku ngozi, amayi oyang'anira atsikana kusukulu, osamalira odwala kunyumba. Ukafufuza bwino upeza kuti kawirikawiri ndi anthu omweomwewo, ambiri mwa iwo amayi, amene alinso ndi munda ndi ana awo. Ndiye anthu a m'tauni, amene ali pamalipiro a mwezi ndipo alandira alawansi yogonera pobwera kumsonkhanoko, amadandaula kuti anthu a kumudzi masiku ano safuna chitukuko popanda kenakake. Kudandaula kumeneku kumandipweteka mtima nthawi zonse. Munthu amene wasiya ganyu ya tsikulo kuti akhale pamsonkhano wapereka ufa wa ana ake, ndipo wapereka zambiri kuposa aliyense m'chipindamo.

Choncho ndikamati tipeze odzipereka olemba malangizo, sindikutanthauza kuwonjezera mtolo wina pamutu womwewo. Pali ntchito imene munthu angapereke mwaufulu, palinso ntchito yofunika kulipira. Kuwerenga tsamba limodzi n'kunena pamene sipakumveka, kumasulira mizere khumi madzulo amodzi, kujambula mawu a mphindi ziwiri ofotokoza mmene unathanirana ndi vuto lina: izi munthu angachite mokondwa, monga amachitira pokaimba kwaya kapena pokathandiza pamaliro. Koma kusonkhanitsa zolembazo, kuzikonza kuti zilankhule mofanana, kuzilondola chaka ndi chaka pamene pulogalamu ikusintha, imeneyo ndi ntchito ya munthu wolembedwa ntchito. Ndipo wodziperekayo asalipire kuchokera m'thumba mwake kuti athandize. Bandulo, kutchajitsa foni, ndalama ya kabaza popita kokumana, zonsezi zikhale pa woitana.

Olemba alipo, sitikuwaitana

Cholakwika chachikulu pofuna anthu ndi kuyang'ana kwa odziwa kompyuta okha. Uthenga umatumizidwa m'magulu a ophunzira a ku MUST ku Ndata m'boma la Thyolo, kapena a ku Zomba ndi ku Blantyre, ndipo amabwera achinyamata anzeru amene amafuna kuphunzira khodi. Iwowa ndi ofunika, chifukwa ndi amene angaike zolembazo pamalo pake pa intaneti ndi kulankhula ndi eni pulogalamu kunja. Koma si onse amene ali ndi chipiriro chofotokozera munthu wamkulu chinthu chimodzi katatu.

Luso limenelo lili ndi ena. Mphunzitsi wopuma pantchito amene anaphunzitsa Sitandade 2 zaka makumi atatu amadziwa kudula chinthu chovuta m'tizidutswa toti mwana ameze. Mlembi wa banki m'khonde amalemba kaundula amene anthu makumi awiri osakhulupirirana pa ndalama amamuvomereza. Mlembi wa mpingo kapena wa mzikiti amadziwa kulemba chilengezo choti chimveke pochiwerenga mokweza. Mlangizi wa zaumoyo amene wagwira tabuleti zaka zingapo ali ndi mndandanda m'mutu wa malo onse pamene pulogalamu imamukanira, ndi njira zimene anazipeza yekha zotulukirapo. Palinso atsikana ndi anyamata ambirimbiri a MSCE amene ali pakhomo, amalemba Chichewa chomveka tsiku lililonse pa WhatsApp, ndipo sitifiketi yosonyeza kuti analemba nawo buku lenileni ingawathandize pofunsira ntchito.

Anthu amenewa sayankha chilengezo chakuti tikufuna othandiza pa pulojekiti. Mawu otere ndi aakulu, ndipo munthu amadziona wochepa. Amayankha pempho looneka mapeto ake. Amayi, tikufuna tsamba limodzi lofotokoza mmene munthu angaikire mjigo wa m'mudzi mwake pa mapu. Tikhala nanu Loweruka m'mawa, tikamafika masana tatha. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Buku la masamba makumi asanu limaopsa aliyense, pamene tsamba limodzi munthu amalilemba, n'kudzabweranso sabata yamawa kudzafunsa lina.

Njira imene imabala zipatso ndi kuwakhazika awiriawiri, wodziwa pulogalamu ndi wodziwa kufotokoza. Woyamba akudina, wachiwiri akufunsa ndi kulemba. Mwaimirira pati? Pafupi ndi mjigo penipeni. Mukudikira chiyani? Kadontho kosonyeza pamene ndili kasiye kuyendayenda. Nanga kakapanda kusiya? Chokani pansi pa mtengo, foni ione kumwamba. Funso lomalizali wodziwa kompyuta sakanaliganiza, chifukwa iye amachoka pansi pa mtengo osazindikira n'komwe kuti wachoka. Mayankho a mafunso otere ndiwo amapanga tsamba labwino.

Tsambalo likalembedwa liyesedwe. Perekani kwa munthu amene sanagwirepo pulogalamuyo, mumupatse foni, inu muike manja kumbuyo ndi kutseka pakamwa. Pamene waima n'kukuyang'anani, pamenepo tsamba lalakwa. Musamuthandize, ingolembani malowo. Ntchito imeneyi ndi yovuta kwa olemba, chifukwa dzanja limayabwa kufuna kuloza, koma ola limodzi lotere limaphunzitsa zambiri kuposa msonkhano wa akatswiri wa tsiku lonse. Woyesayo nayenso ndi wodzipereka wofunika, ndipo chimene akupereka ndi kusadziwa kwake, chuma chimene chimatha msanga akangozolowera.

Dzina la wolemba lilembedwe pansi pa tsamba, ndi mudzi wake ngati akufuna. Zimaoneka zazing'ono kwa munthu amene dzina lake lili kale pa malipoti ambiri. Kwa mphunzitsi wopuma wa ku Nkando, kuona dzina lake pa pepala limene likuwerengedwa ku Phalombe ndi ku Nsanje ndi malipiro enieni. Mabungwe ambiri amaika zizindikiro za opereka ndalama zisanu pachikuto, olemba osawatchula. Khalidwe limeneli lithe.

Pa malangizo a zachipatala pali chenjezo limodzi losafunika kuliphonya. Zithunzi za pasikirini zisaonetse dzina, nambala kapena matenda a wodwala weniweni. Pophunzira pagwiritsidwe ntchito maina opeka. M'dera limene anthu amadziwana, chithunzi chimodzi choyenda pa WhatsApp chikhoza kuulula chinsinsi chimene munthu wasunga zaka khumi.

Tinayesapo kale, ndipo zinatheka

Kuti anthu a m'dera akhoza kujambula okha mapu awo si maloto. Mu 2014 gulu la HOT, mogwirizana ndi DoDMA, nthambi ya boma yoyeza malo ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse, linaphunzitsa anthu ku Nsanje ndi ku Chikwawa kuyenda m'midzi yosefukira madzi ndi timakina ta GPS, kulemba nyumba, misewu, masukulu ndi mijigo. Patangopita miyezi yochepa, mu Januwale 2015, madzi anasefukira koopsa, boma linalengeza kuti maboma 15 ali pangozi, Mulanje ali momwemo, ndipo mapu a kuchigwa aja anapezeka okonzeka pa nthawi yake. Dziko lilinso ndi nkhokwe yake ya mapu pa intaneti, MASDAP, yomangidwa pa pulogalamu yotseguka ya GeoNode.

Chimene chimafooka ntchito zotere zikatha ndi kupitiriza. Ophunzitsa amabwerera kwawo, ophunzira amabalalika kukasaka ntchito, ndipo nzeru zimapita nawo. Kuchokera mu 2015 tagundidwa ndi Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. Midzi yasamuka, mitsinje yasintha njira, milatho ina yamangidwa pena. Mapu a dera lotere amafuna kukonzedwa chaka chilichonse ndi anthu atsopano, ndipo anthu atsopano amafuna pophunzirira. Buku lophunzitsa OpenStreetMap lilipo, dzina lake LearnOSM, ndipo anthu odzipereka alimasulira m'zinenero zambiri. Woyankhula Chichewa amayenera kudzera m'Chingerezi.

Chichewa chake chiti?

Nkhani yomasulira ikangoyamba, ena amafuna kuti tiyambe tadikira akatswiri agwirizane mawu a chinthu chilichonse cha pakompyuta. Tikatero tidzadikira mpaka mvula ina. Likulu loona za zinenero la Centre for Language Studies ku Zomba lili ndi ntchito yake yofunika, ndipo olemba alifunse pamene asemphana. Koma anthu pamsika anathana nayo kale mbali yaikulu ya nkhaniyi. Amati foni, netiweki, kutchaja, bandulo, kudina, mapu. Tsamba la malangizo lilankhule mmene mlangizi wa zaumoyo amalankhulira ndi mnzake, osati mmene amalembera mayeso. Ngati batani pasikirini lalembedwa m'Chingerezi, tsambalo lilitchule monga lalembedwera ndi kulionetsa pachithunzi, kuti diso lilipeze, kenako lifotokoze m'Chichewa chimene limachita.

Njira inatsegulidwa kale ndi ena. Katswiri wa makompyuta Edmond Kachale anagwira ntchito zaka zambiri kulowetsa Chichewa m'mapulogalamu, kuphatikizapo chida choona ngati mawu alembedwa molondola. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, ngakhale aliyense amene anaiyesa akudziwa kuti zotuluka zake zimafuna munthu wozikonza, makamaka pa nkhani ya mankhwala pamene liwu limodzi lolakwika likhoza kuvulaza. Wikipedia ya Chichewa ilipo, koma ndi yowonda kwambiri poyerekeza ndi mamiliyoni a anthu olankhula chinenerochi ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Mapulogalamu ambiri otseguka, DHIS2 ndi chida chojambulira mapu cha iD mwa ena, amamasuliridwa pa Transifex, pamene munthu amangoona mzere wa Chingerezi n'kulemba wake m'munsi, osafunika kudziwa khodi ngakhale pang'ono. Khomo lake silinatsekedwe. Olowapo ndi amene achepa.

Ku Mulanje kulinso Chilomwe, ndipo likulu la Mulhako wa Alhomwe lili pa Chonde m'boma lomweli. Malangizo akhoza kukhala m'Chichewa, chimene pafupifupi aliyense amamva, koma maina a midzi, mitsinje ndi mapiri alembedwe pa mapu mmene eni ake amatchulira. Dzina lopotozedwa ndi mlendo limasocheretsa woyendetsa ambulansi usiku.

Pepala ndi mawu a pakamwa

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zimaunikira ndi magetsi, ndipo kumudzi ndi zochepa kuposa pamenepo. Ku Bondo, kampani ya MEGA imapukusa magetsi pamtsinje wa Lichenya n'kugawira midzi yozungulira, chinthu chonyaditsa, koma midzi yambiri ya m'bomali imadalira kasola kakang'ono kapena kukatchajitsa pa shopu. Malangizo amene amapezeka pa intaneti pokha ndi ofanana ndi mlingo wa mankhwala umene wasiyidwa kuchipatala wodwala atapita kwawo ndi mapiritsi. Nthawi imene munthu amawafuna kwambiri ndi nthawi yomwe netiweki yasowa.

Choncho tsamba lililonse lilembedwe loti likwane pa pepala limodzi, lomveka ngakhale lajambulidwa pa fotokope yakuda, loti limatidwe pakhoma pafupi ndi kompyuta ya kalaliki kapena lipindidwe m'thumba la mlangizi. Likhalenso ndi mnzake wa mawu, mphindi ziwiri kapena zitatu, woti ayende pa WhatsApp ndi pa Bluetooth kwa amene kuwerenga kumawavuta. Kwa opanda foni yamakono, a OpenStreetMap ali ndi chida chotchedwa Field Papers: umasindikiza mapu a mudzi pa pepala, anthu amalembapo ndi cholembera pamene pali mjigo, manda, chigayo ndi malo okwera othawirako madzi, kenako mmodzi amajambula pepalalo n'kulowetsa zonse m'kompyuta. Mfumu ndi nduna zake akhoza kugwira nawo ntchitoyi atakhala pabwalo.

Chilolezo chokopera chilembedwe poyera pa tsamba lililonse, monga zimachitikira ndi malayisensi a Creative Commons, kuti mphunzitsi wa ku Milanje tsidya la Mozambique kapena wa ku Chipata akhoze kulitenga, kulisintha ndi kuligawa osapempha kalata kwa aliyense. Mabuku ambiri abwino a mapulojekiti anafera m'makatoni chifukwa palibe ankadziwa ngati n'kololedwa kuwasindikizanso.

Chotsala ndi mwini ntchito. Tsamba lililonse likhale ndi tsiku limene linalembedwa ndi dzina la ofesi imene ingauzidwe likayamba kunama. Pa mapu ndi za ngozi, malo ake ndi ofesi ya khonsolo yoona za ngozi pa boma la Mulanje, imene ili kale ndi makomiti mpaka m'midzi. Pa zaumoyo, ndi ofesi imene imasonkhanitsa malipoti a zipatala m'bomali. Bungwe lililonse lobwera ndi matabuleti ndi maphunziro lifunsidwe pamsonkhano wa khonsolo, lisanaloledwe kuyamba, kuti m'bajeti yake mzere wa malangizo a Chichewa uli pati, adzawalemba ndani, ndipo adzawakonza ndani pulojekiti ikatha. Mtengo wa tsiku limodzi la maphunziro a ku loji ungagulire bandulo gulu la olemba khumi kwa miyezi ingapo. Nthawi yabwino yowasonkhanitsa ndi pamene anthu akolola, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene njira za m'mphepete mwa Ruo, Thuchila ndi Likhubula zikuyendeka ndipo ntchito ya kumunda yachepa.